Mphaka wamizeremizere ndi vuto la mawu oti "majini"

Mayi wina wophunzitsa sayansi ku Mangochi walemba kuti: "Mphaka wanga wakuda bii waswa ana otuwa okhala ndi mizere. Ana asukulu akuti ndi amawanga. Cholondola n'chiti? Komanso nditawauza kuti zimenezi zimachokera ku majini, ena anaseka, ena anachita mantha."

Mayi, funso lanu landisangalatsa kwambiri. Mawanga ndi a nkhanga ndi kambuku, madontho otayana. Mizere ndi ya mbidzi. Masiku ano anthu akungoti "mawanga" pa chilichonse chosakhala cha mtundu umodzi, ngakhale chitenje chamizere, ndipo ine zimandiwawa. Mwana wa mphaka amene mizere yake yopyapyala ikutsika m'nthiti ngati minga ya chambo, pamphumi pali chilembo cha M, ameneyo ndi wamizeremizere. Wamawanga ndi amene mizere yake inadukaduka n'kusanduka madontho. Aliponso amizere yotakata yozungulirazungulira m'mbali. Pa Chingerezi onsewa amawaunjika pa dzina limodzi, tabby, lochokera ku Attabiya, dera la mumzinda wa Baghdad kumene ankaluka nsalu zamizere. Ife tilibe chifukwa chobwerekera dzina limeneli, pakuti Chichewa chimasiyanitsa bwino.

Nanga mphaka wakuda waswa bwanji ana amizere? Tengani ubweya umodzi wa pakati pa mizereyo muuone padzuwa: uli ndi timagawo towala ndi takuda mosinthana. Chochititsa zimenezi ndi kanthu kachibadwa kochokera kwa makolo, kamene asayansi amakatcha agouti. Mphaka wanu analandira agouti wosagwira ntchito kwa makolo ake onse awiri, n'chifukwa chake ubweya uliwonse uli wakuda kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Mizere ali nayo, koma yabisika; nthawi zina imaoneka pang'ono akagona padzuwa. Anawo agouti wogwira ntchito anamutenga kwa bambo awo, ndipo mmodzi yekha ndi wokwanira kuti mizere ionekere. Kupyapyala kapena kutakata kwa mizere kumadalira kanthu kena kachibadwa kotchedwa Taqpep, monga anapezera ofufuza a ku America mu 2012. Mu 2021 anaonetsanso kuti malo a mizere amalembeka pakhungu mwana akadali m'mimba, ubweya usanamere.

Koma ana asukuluwo sanalakwe kudzidzimuka. Mawu oti "majini" m'mbali mwa nyanja muno ali kale ndi eni ake. Anachokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili, ndipo amatanthauza mizimu. Wina anangotenga mawu achingerezi oti "gene" n'kuwaveka "ma-" osaganiza za Mangochi. Ndiye muuze mwana kuti mphaka, wakuda kumene, ali ndi majini, m'dera limene mphaka amamuganizira kale za ufiti! Kamphakako kakhoza kugendedwa popanda chifukwa.

Agogo anga ankangoti "watengera bambo ake", kapena "n'zakumtundu". Mneni woti kutengera amanyamula nkhani yonseyi bwinobwino. Pofuna dzina, nenani kuti "chibadwa", kapena "tinthu tachibadwa tochokera kwa makolo". Pokonzekera mayeso alembereni pabolodi mawu achingereziwo monga alili, muwafotokoze. Koma polankhula Chichewa m'kalasi, majini asiyeni kumene ali.