Chimene alimi ndi oweta ng'ombe ankalimbirana ku Powder River

Mayi wina wokonda mbiri ya America watumiza funso pa imelo. Akuti: "Dera la Wyoming ndi chidikha chosaoneka polekezera. Nanga alimi ndi oweta ng'ombe amene anakakhazikika kumeneko ankaphana chifukwa chiyani? Malo anawachepera?"

Mayi, malo analipo ochuluka zedi. Chosowa chinali madzi, ndipo amene wagwira m'mbali mwa mtsinje ndiye ankalamulira tchire lonse la kuseri kwake, ngakhale alibe pepala la tchirelo. Ng'ombe singadye kutali kwambiri ndi pomwera.

Tisaiwale kuti dzikoli linali ndi eni ake. A Lakota, a Cheyenne ndi a Arapaho ankasaka njati m'chigwa cha mtsinje wa Powder River ku Wyoming, ndipo pangano la ku Fort Laramie la 1868 linawasiyira derali. Nkhondo ya 1876 ndiyo inawachotsa. Pofika 1879 Mngelezi wina, Moreton Frewen, anali atalowetsamo kale ng'ombe zake, ndipo makampani ena a ndalama za ku Britain anatsatira. Kawetedwe kawo kanali kosavuta: kuwotcha chidindo pachikopa, kuzisiya ng'ombe pamalo a boma chaka chonse popanda khola kapena msipu wosunga, kenako kuzisonkhanitsa nyengo yozizira ikatha.

Alimi anabwera pambuyo, atanyamula lamulo la Homestead Act la 1862. Munthu wa zaka 21, kapena mutu wa banja, ankalembetsa maekala 160, kumangapo nyumba, kulima ndi kukhalapo zaka zisanu, mboni ziwiri n'kumuikira umboni. Zolipira zonse zinali madola 18. Vuto lake linali lakuti lamuloli linayezedwa ndi nthaka ya kum'mawa, kumene mvula imagwa yokwanira. Ku Powder River mvula siifika mamilimita 400 pachaka, ndipo ng'ombe imodzi imafuna maekala 30 kapena kuposa apo. Werengani nokha: maekala 160 akutali ndi madzi ndi ng'ombe zisanu basi. Katswiri wofufuza malo John Wesley Powell anachenjeza boma mu 1878 kuti woweta amafunika maekala 2,560, pamene wothirira 80 amukwanira, koma aphungu sanamumvere.

Tsono mlimi wochenjera ankasankha pati? M'mphepete mwa mtsinje, pamalo omwewo amene ng'ombe za makampani zinkamwera. Akatero ankazunguliza waya waminga, umene Joseph Glidden analembetsa mu 1874 ndipo unali wotsika mtengo m'dziko lopanda mitengo yomangira mpanda. Makampani nawo sanagone. Ankatuma abusa awo kukalembetsa malo m'maina awo kuti pambuyo pake awapereke kwa bwana, makamaka kudzera mu Desert Land Act ya 1877 imene inkapereka maekala 640 kwa wolonjeza kuthirira m'zaka zitatu. Ena ankangolemba kamzere ndi pulawo n'kukatcha ngalande. Ena anatchinga malo a boma ndi mipanda, mpaka boma linaletsa zimenezi mu 1885.

Chimene chinathyola makampani msana ndi nyengo yozizira ya 1886 mpaka 1887. Ng'ombe zinali zitachuluka kuposa msipu, chilimwe chinali chouma, ndiye chipale chitakwirira udzu zinafa zosawerengeka. Otsala anayamba kuloza chala alimi aang'ono kuti ndi mbava. Apa panali chinyengo ndithu: lamulo la 1884 linapereka mwana wa ng'ombe aliyense wopanda chidindo m'manja mwa bungwe la Wyoming Stock Growers Association, la eni ng'ombe akuluakulu. Kuba kunaliko, sitikukana, koma munthu wamba ngakhale woona mtima analibe pogwira.

Mu April 1892 anthu pafupifupi 50 a mbali ya eni ng'ombe akuluakuluwo, ena mwa iwo aganyu a mfuti ochokera ku Texas, analowa m'boma la Johnson County. Anapha Nate Champion ndi Nick Ray, amene ankawanena kuti ndi mbava za ng'ombe, pa famu ya KC Ranch, koma anthu a m'deralo anazinga gululo pa famu ya TA Ranch mpaka Pulezidenti Benjamin Harrison anatumiza asilikali a ku Fort McKinney kukawatulutsa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfazo. Mlandu unathetsedwa mu 1893.

Amene anakhalitsa m'chigwacho ndi amene anaphatikiza khasu ndi ng'ombe. Ankapatutsa madzi kumtunda, kukumba ngalande yotsetsereka pang'onopang'ono (ikatsetsereka kwambiri imakokolola nthaka, ikakhala yathyathyathya imadzaza matope), kubzala alfalfa (mbewu yodyetsa ziweto) m'dambo, n'kumweta kawiri pachaka. Ng'ombe imadya makilogalamu pafupifupi 12 a udzu wouma patsiku, choncho miyezi isanu yozizira imafuna matani pafupifupi awiri. Kukula kwa gulu la ng'ombe kunayamba kutsatira mulu wa udzu, osati kukula kwa tchire.

Madzi nawo anaikidwa m'kaundula. Malamulo a Wyoming a 1890, amene katswiri Elwood Mead anathandiza kulemba, anati madzi onse ndi a boma, ndipo woyamba kuwagwiritsa ntchito ndiye woyamba kupatsidwa. Chilala chikabwera, wa chilolezo cha 1884 amathirira pamene wa 1905 watsekeredwa geti, ngakhale iyeyo ndiye akhale kumtunda. Dongosolo limeneli likugwirabe ntchito lero.

Boma linakonza kukula kwa malo olembetsa mochedwa: maekala 320 mu 1909, 640 mu 1916. Taylor Grazing Act ya 1934 ndiyo inatseka zodyetsa mwaufulu pamalo a boma, n'kuika zilolezo ndi malipiro pa chiweto chilichonse.