Mafilimu onena za kutsidya kwa manda: yankho kwa mayi amene anataya bambo awo

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene bambo awo owabereka anamwalira miyezi ingapo yapitayo. Iwo anafunsa kuti: "Kodi alipo mafilimu amene amaonetsa bwino zimene zimachitika munthu akamwalira, ndipo ndikawaonera angandikhazike mtima pansi kapena angangondiwonjezera chisoni?" Mayi, pepani kwambiri ndi zovuta zimene zinakugwerani.

Palibe wopanga filimu amene anaonapo zimene zili kutsidya kwa manda, choncho aliyense amajambula zimene amakhulupirira, zimene amaopa ndi zimene amalakalaka. N'chifukwa chake mafilimu amene amalimbikira kukongoletsa kumwamba sandifika pamtima kwenikweni. Mu What Dreams May Come ya 1998, Robin Williams akusewera ngati dokotala amene atamwalira akupezeka m'dziko lofanana ndi zithunzi za penti zimene mkazi wake ankajambula. Filimuyi inalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha luso la zithunzizo, koma ine nditamaliza kuionera ndinatsala ndi kukongola kwa maluwa ndi mapiri, pamene anthu a m'nkhaniyo sanachedwe kundichoka m'mutu. Michael Powell ndi Emeric Pressburger a ku Britain anachita mosiyana mu 1946, mu A Matter of Life and Death, pamene anajambula dziko la akufa mwakuda ndi moyera chabe, n'kusungira mitundu yonse yowala dziko la amoyo, kumene woyendetsa ndege ya nkhondo akukana kuchokako chifukwa wangoyamba kukonda mtsikana wina.

Imene ndikufunitsitsa kuti muionere ndi After Life, yomwe Hirokazu Kore-eda wa ku Japan anatulutsa mu 1998. M'filimuyi mulibe angelo, mulibe moto, mulibenso woweruza. Anthu amene angomwalira kumene amafika Lolemba panyumba yakale yooneka ngati sukulu yotha ntchito, ndipo ogwira ntchito pamenepo amawauza mwaulemu kuti ali ndi masiku atatu oti asankhe chinthu chimodzi chokha chimene akukumbukira pa moyo wawo wonse. Akasankha, ogwira ntchitowo amachikonzanso ngati kafilimu pogwiritsa ntchito zipangizo wamba, moti mitambo imene bambo wina anaiona akuyendetsa ndege amaipanga ndi thonje. Pakutha pa sabata onse amakhala pansi n'kuonera, kenaka aliyense amapita ndi chikumbukiro chake chokhacho mpaka muyaya, zina zonse n'kuiwalika.

Pokonzekera filimuyi Kore-eda ndi anzake anafunsa anthu mazana angapo kuti iwo akadasankha chiyani, ndipo ena mwa amene mumawaona akulankhula si akatswiri a zisudzo ayi, koma anthu wamba amene akufotokoza za moyo wawo weniweni. Pamenepa ndi pamene pagona mphamvu yake. Mtsikana wina akuyamba wasankha tsiku limene anakasangalala kumalo a zisangalalo otchedwa Disneyland, koma atamva kuti atsikana ambiri amasankha zomwezo, akuganizanso mofatsa n'kukumbukira nthawi imene anali pafupi ndi mayi ake ali mwana. Mkulu wina, Watanabe, akulephereratu kusankha poganiza kuti moyo wake unalibe chilichonse chapadera, mpaka akumupatsa matepi a vidiyo a zaka zake zonse kuti aonere, ndipo pomalizira pake akusankha tsiku limene anangokhala pabenchi ndi mkazi wake n'kumacheza. Ndikukhulupirira kuti munthu wofedwa amapepukidwa akaona zimenezi kuposa akaona nyumba zagolide, chifukwa funso limene limamusowetsa tulo nthawi zambiri ndi lakuti kodi malemuwo anapita akudziwa kuti ankakondedwa.

Coco ya 2017, yopangidwa ndi kampani ya mafilimu ya Pixar, ikuchokera pa mwambo wa ku Mexico wokumbukira akufa kumayambiriro kwa Novembala, ndipo imaphunzitsa kuti wakufa amafa kachiwiri pamene munthu womaliza womukumbukira wamuiwala. Ngakhale kuti ndi ya zidole zojambula ndipo ana amaikonda, pachimake pake pali gogo wokalamba kwambiri amene akuyamba kuiwala bambo ake, kotero kwa inu ingakhale yolemera kuposa mmene ikuonekera.

Palinso Atlantics ya 2019, ya Mati Diop, imene inalandira mphoto ya Grand Prix pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France. Anyamata omanga nsanja yaitali ku Dakar, m'dziko la Senegal, atagwira ntchito miyezi ingapo osalipidwa akukwera bwato kulowera ku Spain ndipo akumira panyanja. Usiku mizimu yawo ikulowa mwa atsikana amene anawasiya, n'kupita kunyumba ya bwana kukaitanitsa malipiro awo. Imeneyi siitonthoza, koma ndaitchula chifukwa imalemekeza akufa powaona ngati anthu amene akadali ndi mlandu woti umvedwe.

Pa funso lanu lachiwiri, sindikulonjezani kuti simudzalira, ndipo ngati mtima sunakhazikike palibe cholakwika kudikira kaye miyezi ina. Mukadzakonzeka, yambani ndi After Life. Anthu ake amalankhula Chijapani, choncho mupeze yokhala ndi mawu omasulira olembedwa m'munsi, ndipo nkhani yake imayenda pang'onopang'ono, moti imafuna madzulo opanda phokoso. Muionere pamodzi ndi mchimwene kapena mchemwali wanu amene anawadziwa bwino bambo, chifukwa ikadzatha mudzafuna wina woti mufunsane naye kuti bambowo akadasankha tsiku liti.