Ka Corolla kanga katha mphamvu, ndiphwasulitse injini?

Funso: Zikomo amakaniko. Ine ndili ndi ka Toyota Corolla ka 1998 kamanyuwo, ndimanyamulira kachewere ndi kabichi kuchoka kwathu ku Bembeke kupita ku Lizulu, nthawi zina kutsikira ku Golomoti. Kale chitunda cha Khwekhwerere ndinkakwera pa giya 2 bwinobwino koma pano olo pa giya 1 kakuchita kubanika ngati kathima, pa M1 maminibasi odzadza akungondipitirira. Sikakufuka utsi, oyilo sikakudya. Anyamata ena pa galaja angomvera kulira kwake nkuti ovaholo basi, kuphwasula injini yonse, ndalama yake ndilibe, nditani? Wowerenga wa ku Bembeke.

Yankho: Achimwene, musalole kaye munthu kukhudza mabawuti a injiniyo chonde. Injini yoti maring'i atha imadya oyilo ndipo imafuka utsi wabuluu, inu mwanena nokha kuti zonse ziwirizi palibe, ndiye ovaholoyo ayitenga kuti? Zimandiwawa kwambiri kuona mlimi akugulitsa mbuzi chifukwa cha vuto la kafyuluta.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Pa msewu wosakwera ikani giya 4 muli pa liwiro la makilomita 50 pa ola, pondani moto mpaka pansi. Injini ikalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, mwinanso kumveka fungo lopserera, ndiye ndi kilatchi ikutereraka, matumba a kachewere aja amaimaliza msanga. Mukaima yandikizani dzanja pa marimu onse anayi, limodzi likatentha kuposa anzake ndiye mabuleki akugwira, galimoto ikuyenda ikudzikoka yokha.

Koma mmene mwafotokozeramu ine mtima wanga uli pa mafuta. Nthawi yomwe petulo ankasowa ija ambiri tinathira wa m'zigubu, wina wa zinyalala wina wa madzi, zonsezo zimakakhala mu fyuluta ya mafuta. Fyuluta ikatsekeka galimoto imalira bwinobwino ili chiimire chifukwa ikumwa pang'ono, koma ikafika pa chitunda pofuna mafuta ambiri ndi pamene imabanika ndi kudukiza, ndendende zanuzi. Isintheni, zikapanda kusintha makaniko ayeze mphamvu ya pampu ya mu thanki. Eya kilina, fyuluta ya mpweya ija, nayo itulutseni muyang'anitse kudzuwa, kuwala kukapanda kudutsa itayeni, fumbi la misewu ya kumunda ija si masewera. Mapulagi anayi aja muwaone, akakhala akuda ndi mwaye kapena atadyeka kunsonga gulani ena.

China chomwe ambiri amaiwala ndi katalitiki, sefa ya utsi ya ku ekizozi, ikatsekeka utsi umasowa potulukira ndiye injini imakhala ngati munthu wothamanga atatseka pakamwa. Makaniko amasule ekizozi kutsogolo kwake muyende pang'ono, phokoso lidzakhala lalikulu koma mphamvu ikabwerera mwampeza wakubayo.

Dziwaninso kuti Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka ndipo injini yopanda tebo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse. Si ndiye vuto lanu poti kale kankakwera, kungoti kwathu kuno kavuto kakang'ono kamaonekera msanga kusiyana ndi ku Salima.

Zonsezi zikakanika, auzeni amakaniko apange compression test, kuyeza mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, ndi geji inu muli pompo. Masilinda anayi asamasiyane kuposa 10 peresenti, manambalawo muwalembe mutitumizire kuno tisanakambe za ovaholo.