Tifunseni za Maulendo: Nyanja yokongola ija, bwanji pa foni yangotuluka mbee?

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukamba za kujambula zithunzi munthu uli pa ulendo wa pagalimoto, nde ndasankhapo anayi. Loyambali nditayapo nthawi chifukwa ambirinu mwafunsa zofanana nalo.

FUNSO: Ankolo, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe. Chaka chatha pa Mothers' Day bambo a kunyumba anatitengera ku Senga Bay, kanali koyamba ana kuona nyanja ndipo ine ndinajambula mpaka foni kutentha. Koma titafika kunyumba kuti tizione, aaa, nyanja ndi kumwamba zangofanana mbee, nkhope za ana zakuda bii ngati unali usiku. Bambo akuti vuto ndi foni, tigule kamera yeniyeni. Chaka chino tikufuna tiyende masiku asanu mpaka kumpoto pa kagalimoto kathu kakang'ono. Tiguledi kamerayo? Nanga tidzere kuti?

YANKHO: Mayi, ndalama ya kamerayo isungeni kaye, ikuthandizani pa mafuta. Ndikuganiza kuti munajambula mutangofika kumene, dzuwa lili paliwombo, anawo atayima chofulatira nyanja. Zikatero foni imaona madzi ndi mchenga zikuwala kwambiri nde imachepetsa yokha kuwala kwa chithunzi chonse, mapeto ake nkhope zimada. Komanso Okutobala ndi mwezi wa fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, kumwamba kumakhala mbuu tsiku lonse, moti olo mutabwera ndi kamera ya mamiliyoni pa nthawi imeneyo chithunzi chituluka chomwecho basi.

Chomwe ndikupempheni ndi chimodzi, mugone kunyanjako ndipo mudzuke mbandakucha. Kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Nkhata Bay dzuwa limatulukira pa madzi, ndipo mu Okutobala ikamati 5 koloko kunja kwayamba kale kuyera. Ine chithunzi chimene ndimachikonda kuposa zonse ndinajambula pa foni wamba ku gombe lina ku Nkhotakota. Asodzi a usipa anali akubwerako, nyali za m'mabwato zina zisanazimitsidwe, amayi ali m'madzi mpaka m'mawondo mabeseni ali pamutu kudikira nsomba, nde dzuwa linatuluka lofiira psuu chifukwa cha utsi womwewo umene umaononga zithunzi masana, lofatsa moti sulithobwa m'maso. Bwato limodzi linadutsa pomwe kuwala kunagwera pa madzi, mnyamata wina atayimirira kumbuyo ndi nkhafi. Ndinayima pamalo amodzi mphindi ngati 20 kudikira chimenecho. Patangotha ola limodzi kuwala konse kuja kunali kutapita, nyanja yabwerera ku mbee wake uja.

Masana mukafuna kujambula ana, alowetseni pa mthunzi wa mtengo kapena atembenuzeni kuti kuwala kuziwamenya cham'mbali. Gwirani nkhope ya mwana pa sikirini ndi chala, mafoni ambiri amatulutsa kachizindikiro ka dzuwa kamene mumakakweza kapena kukatsitsa mpaka nkhope ioneke bwino. Pukutani kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa musanayambe, mungadabwe kuti chifunga chambiri cha m'zithunzi chimakhala thukuta ndi mafuta a chipisi. Za zoom yotambasula ndi zala iwalani, yendani ndi miyendo mufike pafupi. Ndipo gwadani kuti foni ikhale pa msinkhu wa mwanayo, musamamujambule kuchokera pamwamba ngati mukumukalipira. Mu ma settings a kamera yatsani grid, timizere tija tikuthandizani kuti nyanja isapendekeke, chifukwa chithunzi cha nyanja yopendekeka chimaoneka ngati madzi atayika.

Tsopano za njira. Masiku asanu ndi ana awiri m'galimoto yaing'ono, ine ndingati zungulirani chonchi: Lilongwe, Salima, kenako msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja mpaka Nkhata Bay, mukwere ku Mzuzu, nkubwerera pa M1 kudzera ku Jenda ndi Kasungu. Musanafike pa boma la Nkhotakota pali Chia Lagoon, pa mlatho pamakhala msika wa nsomba, imani bwino pambali musatseke msewu. Ku Nkhotakota funsani mtengo umene David Livingstone anakambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo mu 1863, ana a sukulu amasangalala kuona ndi maso zimene amangomva m'kalasi. Ngati thumba likulola lowani mu Nkhotakota Wildlife Reserve, komwe mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, koma dziwani kuti nkhalango yake ndi yowirira, njovu simungoiona ngati ku Liwonde. Mukadutsa munzimbe za ku Dwangwa mufika ku Chintheche, mchenga wake woyera mbee, ndipo pafupi pomwepo pali Bandawe komwe mishoni ya Livingstonia inasamukira mu 1881 itachoka ku Cape Maclear. Chakufupi ndi Nkhata Bay msewu umalowa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara, mitengo ili ndondondo m'mizere ndipo kuwala kumalowa pang'onopang'ono pakati pa masamba, anyamata amagulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Pamenepo jambulani olo masana, mthunziwo ukugwirirani ntchito.

Ku Livingstonia kwenikweniko, ku Khondowe kumene mishoni inakhazikika mu 1894, ndi kokongola zedi, kuli mathithi a Manchewe ndi Stone House, koma msewu wa Gorodi wochokera pa Chitimba uli ndi makona okhota ngati chigongono pafupifupi 20 ndipo si wa kagalimoto kotsika. Kusiyeni, mudzapiteko ulendo wina mwapadera. Zina ziwiri: mukaona mafuta pa filing'i siteshoni thirani olo thanki ili theka, ndipo musananyamuke funsani madalaivala a minibasi za momwe M5 ilili, amadziwa maenje ndi milatho kuposa foni. Mukanakhala ndi ufulu wosankha mwezi ndikanati Meyi kapena Juni, mvula itangotha, kunja kuli ngwee mapiri akuoneka mpaka kutali, ngakhale mwera umavundula nyanja masiku ena.

FUNSO: Akulu, ine ndi mnyamata wa ku Zingwangwa. Achimwene anga a ku Joni ananditumizira Canon yogwiritsidwa kale ntchito yokhala ndi lenzi ya 18-55mm. Ndimapita ku Mulanje ndi ku Zomba pa minibasi ndi anzanga, koma ndikajambula pa windo minda ya tiyi ija zonse zimatuluka zosaoneka bwino ngati ndagwedezeka. Komanso zilembo zili pa kagudumu kapamwamba, M, Av, Tv, sindikuzimvetsa nde ndimangosiya pa Auto.

YANKHO: Achimwene, mwalandira chuma, kamera imeneyo mutha kuphunzira nayo zaka zingapo osasowa ina. Mkati mwake muli kachitseko kamene kamatseguka nkutsekeka mukadina batani. Kakatseguka nthawi yaitali pomwe minibasi ikuthamanga, chilichonse chimakokeka. Pa Auto kamera siidziwa kuti muli m'galimoto. Tembenuzirani pa Tv, a Nikon kwawo ndi S, pomwe mumasankha nokha nthawi imene kachitsekoko kakhale kotseguka, nkuika 1/1000 ya sekondi. Tsegulani windo, musatsamire chigongono pa chitseko chifukwa kunjenjemera kwa injini kumalowa m'kamera, ndipo lozani zakutali osati udzu wa m'mbali mwa msewu. ISO, imene imasintha mmene kamera imamvera kuwala, isiyeni pa Auto pakadali pano, ingodziwani kuti ikakwera kwambiri chithunzi chimachita timadontho ngati mchenga. Av ndi ya kukula kwa kabowo kolowera kuwala: nambala yaing'ono ngati f/4 imachititsa kuti munthu aoneke bwino kumbuyo kuli kosungunuka, pomwe f/8 kapena f/11 ndi ya mapiri ndi minda kuti zonse zioneke. M, pomwe zonsezi mumaika nokha, isiyeni kaye mpaka Tv ndi Av zitalowa m'manja.

Koma ndinene zoona, zithunzi za pa windo sizifika patali. Tsikani. Uzani anzanuwo kuti mutsike pa Chitakale muyende wapansi, kapena kwerani kabaza kupita ku Likhubula madzulo dzuwa likumenya phiri kuchokera kumadzulo, muona matanthwe akusintha mtundu pamaso panu. Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002, si ya kungodzuka nkupita, imafuna wokutsogolerani ndi masiku, koma Dziwe la Nkhalamba mumafika tsiku lomwelo nkubwerera. Ku Zomba kwerani mpaka pa damu la Mulunguzi ndi Williams Falls, pa mathithiwo yesani zosiyana ndi zija: khazikani kamera pa mwala, ikani 1/4 ya sekondi pa mthunzi, yatsani timer ya masekondi awiri kuti dzanja lisaigwedeze, madzi atuluka osalala ngati mkaka. Chiperoni chikagwa musaike kamera m'chikwama msanga, nkhungu ikamayenda pakati pa mitengo ya paini ndi pamene pali zithunzi, ingoitetezani ku madontho. Mukafika kunyumba itulutseni iume, chinyontho chimameretsa nguwi mkati mwa lenzi ndipo kuichotsa ndi ndalama. Lenzi musamasinthire pa fumbi.

FUNSO: Ankolo, tikuchokera ku Dedza kupita ku Mua tinakumana ndi gule pa msewu, ine ndinangotulutsa foni nkuyamba kujambula. Anthu amene anali naye anakwiya kwambiri mpaka tinapepesa ndi ndalama. Inetu ndine Mmalawi, ndinalakwa chani? Mphunzitsi, Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, pepani kuti ulendo unasokonekera, koma munalakwadi, ndipo kukhala Mmalawi sikuchotsa kulakwako. Gule Wamkulu si chionetsero cha pa msewu. Amene munakumana nayeyo mwina amapita ku maliro, ku chiliza kapena ku chinamwali, ndipo eni ake ali ndi malamulo a zomwe zingaonedwe ndi zomwe sizingaonedwe. Kuti UNESCO inamulemekeza mu 2005 sizikutanthauza kuti aliyense angamuloze ndi foni. Mukakumana naye patukani, foni ikhale m'thumba, ndipo ngati mtima ukufunadi chithunzi lankhulani ndi akuluakulu amene akumuperekeza, akakana zathera pomwepo. Ku Mua komwe mumapitako nde malo abwino ophunzirira zimenezi. Mishoniyo inayamba mu 1902, ndipo ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa mishonipo mu 1976, kuli Chamare Museum yofotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Nakonso funsani kaye poti mujambule, si chipinda chilichonse chimene amalola.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa timadandaula alendo akunja akamajambula ana athu osapempha, koma ife tikagula foni yabwino timachita zomwezo kwa amayi ogulitsa tomato pa Lizulu. Moni amatsegula zambiri. Pa msewu wotsika ku Golomoti uja, pomwe amagulitsa tinjinga ndi tigalimoto tosema, ndinayamba ndacheza ndi bambo wina, nkugula kanjinga kamodzi, kenako ndinapempha kujambula manja awo akusema, anavomera mosangalala ndipo nditawaonetsa anaitana anzawo kuti adzaone. Mwana musamujambule popanda kholo lake, ndipo musamuike pa Facebook. Pa rodibuloko, pa malo a asilikali ndi ku nyumba za boma kamera izikhala pansi. Mukadzapita ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za makolo pa miyala, musakhudze mwalawo kapena kuuthira madzi kuti utoto uoneke bwino pa chithunzi, zimenezo zimafufuta zinthu zimene zakhala zaka mazanamazana.

FUNSO: Zithunzi zanga za ku Cape Maclear ndinatumizira mchemwali wanga pa WhatsApp kenako foni inabedwa. Wanditumiziranso koma nditakatsukitsa zatuluka zosaoneka bwino. Zingakonzeke? Mtsikana, Mzuzu.

YANKHO: Achemwali, pepani ndi foniyo. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo zomwe yataya sizibwereranso, nde zimene muli nazozo tsukitsani zazing'ono, za saizi ya positikhadi, zioneka bwinoko kusiyana ndi zazikulu zopachika pa khoma. Yesaninso kulowa mu akaunti yanu ya Google pa foni ina muone mu Google Photos, nthawi zina backup imakhala inali yoyatsa mwini wake osadziwa. Ulendo wina, madzulo aliwonse sankhani zithunzi zisanu kapena khumi zimene mwazikonda nkuzitumiza ngati document, zimapita zathunthu osafinyidwa, ndipo mukapeza Wi-Fi pa malo ogona lolani foni ikweze zonse. Ku Cape Maclear nde mudzabwerereko ndithu, ndi amodzi mwa malo ochepa kuno kwathu kumene dzuwa limalowera pa madzi. Mudzakhale pa gombe la Chembe cha m'ma 5 koloko madzulo batire ili yodzadza, mabwato akamanyamuka kupita kokapha usipa.