Sindidziwa code, kodi pa hackathon ndikatani?

FUNSO: Ndimakhala ku Kamuzu Road ku Salima, ndipo ntchito yanga ndi kukonza ma logo, maposita ndi makadi a ukwati pa kompyuta. Anzanga awiri olemba mapulogalamu akundikoka kuti tikapikisane nawo pa hackathon ku Lilongwe. Ine code sindiidziwa olo pang'ono. Kodi sindikangokhala mtolo kwa anzangawo?
Wowerenga, Salima

YANKHO: Pitani ndithu, gululo likukusowani. Hackathon ndi mpikisano, nthawi zambiri wa maola 24 kapena 48, pomwe magulu a anthu atatu mpaka asanu amapanga chinthu chothana ndi vuto lomwe apatsidwa. Dzinali linayamba kumveka mu 1999 pakati pa olemba mapulogalamu, n'chifukwa chake ambiri amaganizabe kuti ndi zawo zokha. Komatu pamapeto gulu limangopatsidwa mphindi zitatu kapena zisanu kuti lionetse zomwe lapanga, ndipo oweruza amayang'ana kwambiri ngati munthu wamba angachigwiritse ntchito osasokonezeka. Apo ndiye pa ntchito yanu.

Maola awiri oyamba musatsegule laputopu. Tengani pepala ndi cholembera. Tiyerekeze kuti vuto n'lakuti amayi ogula usipa ku Senga Bay azidziwa mtengo wa chigoba asanakwere galimoto. Funsani gulu lanu: mayiyo ali ndi foni yanji? Ngati ndi kafoni ka mabatani, app yokongola ilibe phindu kwa iwo. Pafunika USSD, yofanana ndi *211# ya Airtel Money, ndipo uthenga umodzi wa USSD sudutsa zilembo 182. Kusankha mawu oti akwane pamenepo, komanso kuganiza chomwe chikhale pa 1 ndi chomwe chikhale pa 2, nayonso ndi design, ngakhale mulibe chithunzi.

Ikakhala app, jambulani masikirini atatu mpaka asanu okha, njira imodzi kuchokera poyambira mpaka munthu atapeza chomwe akufuna. Lembanimo Chichewa chenichenicho kuyambira pachiyambi. Ambiri amayesera ndi Chingerezi, kenako "Send" akasanduka "Tumizani" mawu amasefukira kunja kwa batani. Kumbukiraninso dzuwa la kunyanja: zilembo zotuwa pa sikirini yoyera sizioneka masana pamchenga. Kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi wa kumbuyo kwake kusachepere 4.5:1, ndipo batani pa Android lisachepere 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini), kuti chala chonyowa chisaphonye.

Cholakwika chomwe chimagwetsa okonza zithunzi ambiri ndi logo. Munthu amatha maola asanu ndi limodzi akuipeta, anzake atapinda manja kudikira. Logo ipatseni mphindi 20 basi. Pofika ola lachinayi apatseni anzanuwo masikirini, mitundu iwiri ndi font imodzi, ngakhale zisanasalale, kuti ayambe kumanga. Mukatero lumikizani masikiriniwo mu Figma, pulogalamu yojambulira masikirini a app, kuti azidinika, ndipo pezani anthu asanu a kunja kwa gulu lanu, kaya alonda kaya ophika, ayesere inu muli chete. Pomwe chala chawo chaima, pali vuto. Konzani pomwepo.

Kukatsala maola atatu, lekani kuwonjezera zatsopano. Konzani ma slide osaposa asanu, ndipo jambulani kavidiyo ka mphindi imodzi kosonyeza chinthucho chikugwira ntchito, chifukwa intaneti imakonda kuvuta pamene holo yonse yalumikizidwa pa Wi-Fi imodzi.

Ponyamuka musaiwale chaja, extension, power bank, flash disk ndi bandulo yanuyanu, poti Figma imadalira intaneti. Ngati simunaigwiritsepo ntchito, sabata imodzi yoyeserera madzulo ikukwanirani, makamaka inu amene munazolowera kale kuyala zinthu pa poster.

Za mipikisano ina, muzitsatira masamba a mHub ya ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, omwe ndi malo olimbikitsa luso la makompyuta ndi bizinesi. NASA Space Apps Challenge, hackathon ya bungwe la ku America loona za mumlengalenga, imachitika chaka ndi chaka, ndipo mutha kulowa nawo pa intaneti muli konko ku Salima.

Chomaliza, musanalembetse werengani malamulo a mpikisanowo. Okonza ena amalemba kuti zonse zopangidwa pamenepo zikhala zawo. Funsani zimenezi poyera, ndipo mugwirizanenso ndi anzanu awiriwo, molemba pa pepala, za kagawidwe ka mphoto ndi umwini wa zithunzi zanu.