Alamu, sowoyo ibwezereni kaye

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano, amayi, azakhali ndi ena nonse. Alamu, uthenga wanu ndaumva, koma manja ali bii ndi girisi, kulemba sindingathe, ndiye ndangoti ndilankhule. Mwati galimoto yanu ya Sienta ikumagogoda mukangoiliza m'mawa, pakapita kamphindi phokoso n'kutha, ndipo mnyamata amene wakusinthirani oyilo ku Dedza konko akuti injini yatha, mugule ina. Ndiye mukufunsa ngati kung'amba fyuluta ya oyilo yakaleyo kungakuuzeni zoona. Eya, kungakuuzeni, bola simunaitaye. Koma sowo yodulira zitsulo mwaitchulayo, ibwezereni komwe mwaitenga. Girayinda nayonso ayi.

Chifukwa chake n'chakuti chimene tikukasaka m'katimo ndi tizitsulo tonyenyeka kuchokera mu injini. Tsono sowo ikamadula imagwetsa utuchi wake wachitsulo, wonsewo n'kukamatirira pa pepala losefa oyilo la m'kati mwa fyulutayo. Mudzatsegula, mudzaona waliwali paliponse, mtima n'kugunda, mwinanso n'kugulitsa mbatata yonse ya chaka chino kuthamangira injini ku Lilongwe, pomwe zitsulozo mwathiramo nokha.

Chitani chonchi. Fyulutayo iyang'anitseni pansi m'chibekete igone usiku wonse, oyilo akhe. Muona kuti pali bowo lalikulu la mazinga pakati, ndi timabowo ting'onoting'ono tozungulira. Kuseri kwa timabowoto kuli labala, ndiye mubaye kamtengo ka machesi pa kamodzi kuti labalayo akankhike, apo ayi oyilo wambiri atsalira momwemo. Kukacha muimange pa vayisi, chopanira zitsulo chija. Ife pa galaja timagwiritsa chodulira chokhala ndi kawilo, chimene chimadinda chitini mozungulira osatulutsa utuchi. Inu mulibe, ndiye pitani kwa okhoma ndowa pamsika mukabwereke sizasi yodulira malata. Yambirani pa mpendero paja chitini chapindidwira ku chitsulo chokhuthala chapansi, mudule pang'ono, kenako muzisenda ndi pulayala mpaka kuzungulira. Lata lake ndi lakuthwa zedi, samalani zala, achemwali anga angandizenge mlandu.

Chitini chikachoka, musathamangire pepala. Yambani mwagwira labala uja. Wabwino amakhala wofewa, mukamupinda amabwerera. Ntchito yake n'kutseka njira kuti galimoto ikagona oyilo asatsetserekere yense ku sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Akauma gwa kapena kung'aluka, m'mawa injini imayamba kuzungulira kumtunda kulibe oyilo, ndiye go go go ameneyo, mpaka pampu itakankha. Kuphatikiza ndi kuzizira kwanu kwa ku Dedza kuja, Juni ndi Julayi oyilo amakhala ataundana, amachedwa kukwera. Ine ndikukayikira kwambiri pamenepa, makamaka ngati fyulutayo inali yotchipa zija zongopenta bwino kunja. Muonenso pansi pa chitini, pamene pali sipuling'i, ngati pakhazikika matope kapena tizidutswa.

Tsopano pepala. Tengani mpeni mulidule m'mphepete monse muwiri, pamwamba ndi pansi, mulisomphole pa kapaipi kobowokabowoka kapakati. Likulungeni m'kansanza koyera, mufinye pa vayisi oyilo atuluke, mukatero mulitambasule padzuwa, osati m'nyumba. Apa mvetsetsani alamu: oyilo amalowa pa timabowo tating'ono tija, n'kudutsa pepala kuchokera kunja kupita m'kati, n'kutulukira bowo lapakati. Choncho zinyalala zonse zili mbali yakunja, makamaka pansi penipeni pa mapindo. Ambiri amayang'ana mbali yam'kati, n'kumati fyuluta ndi yoyera.

Pezani maginito, ngakhale ya sipika yakufa ya wailesi, muikulunge m'kapulasitiki, muyendetse m'mapindomo. Zimene zakakamira ndi chitsulo chenicheni, chochokera ku zitsulo za m'kati mwa injini monga ma ring'i, kamushafuti, tcheni kapena kirankishafuti. Kafumbi kotuwa kochepa kokha si nkhani, injini iliyonse imadyeka pang'onopang'ono. Koma tizibenthu toti mukutiona bwinobwino ndi maso, mukatigwira tikubaya, pamenepo ndiimbireni. Zonyezimira moyera zokana maginito ndi aluminiyamu, kawirikawiri ya pisitoni kapena mabering'i. Zofiirira za mtundu wa kopa ndiye zoopsa kuposa zonse, ndiye kuti mabering'i, timbale tomwe kirankishafuti imazungulirapo, adyeka mpaka m'kati, ndipo galimoto yotero musayerekeze kutsika nayo Khwekhwelere mutanyamula anthu kupita ku Golomoti, iimikeni. Zakuda muzitikite ndi zala: zikafumbutuka ndi mwaye chabe, kusonyeza kuti mwini wake woyamba ankachedwetsa sevisi. Zikamalumaluma ngati pali mchenga, ndi fumbi, mukaone fyuluta ya mpweya ndi paipi yake, poti inu misewu ya ku Mayani ndi ku Lobi simuisiya. Tizingwe tofewa tofiira kapena totuwa ndi silikoni, phala lomatira potseka injini, ndiye kuti wina anaitsegulapo kale injiniyo n'kupaka mowolowa manja. Oyilo akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, madzi akulowa, tiganizire gasiketi ya hedi, yotseka pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake.

China alamu, fyuluta imodzi siigamula mlandu. Galimotoyi mwaigula kwa munthu, simukudziwa kuti fyulutayo yakhalamo makilomita angati. Ngati mwapezamo tochepa chabe, ndipo kopa mulibe, pepalalo mulisunge m'jumbo, mulembepo tsiku ndi makilomita. Yendani ndi fyuluta yatsopano yabwino makilomita 1,000, tidzang'ambe imeneyonso tifananize. Zikachepa, zinali zakale. Zikachuluka, ndiye tikambe zotsegula sampu tione mabering'i, zimenenso sizifika pa mtengo wa injini yathunthu. Mumvetserenso mawa m'mawa ngati ikugogodabe ndi fyuluta yatsopanoyi, ndipo muone kuti kanyali kofiira ka oyilo kakuzima msanga bwanji.

Oyilo wakhayo musatayire kudimba kapena pafupi ndi chitsime, muthireni m'chigubu, ndipo musambe ndi sopo, ngoipa pakhungu. Mukatambasula pepala mujambule pafupi, padzuwa, mutumize pagulu pompano. Zikapanda kuoneka bwino, pepalalo mupatsire kondakitala wa minibasi yobwera kuno ku Ntcheu, ndikalandira pa depoti.