Esita mu mayikulowevu ya tiyi: yankho kwa aphunzitsi a ku Kasungu

Aphunzitsi a Chemistry pa sekondale ina ku Kasungu anditumizira imelo. Akuti gasi wa mu labotale adatha kalekale, koma mu ofesi ya aphunzitsi muli mayikulowevu yotenthetsera tiyi. Funso lawo: "Kodi ndingapangiremo esita kuti ana a Fomu 4 anunkhize okha?"

Esita ndi mankhwala a fungo ngati la zipatso, opangidwa pophatikiza asidi ndi alcohol monga ethanol. Aphunzitsi, nzeru imeneyi ena adaiyesa kale. Mu 1986 magulu awiri, la Richard Gedye ku Canada ndi la Raymond Giguere ku America, adagwiritsa ntchito mayikulowevu za kukhitchini popanga mankhwala, ndipo ntchito ya maola ambiri idatha m'mphindi zochepa.

Mbaula imatenthetsa mphika, mphikawo nkutenthetsa ndiwo. Mayikulowevu imaulumpha mphika. Mafunde ake a 2.45 GHz amatembenuka kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mamolekyu a mbali ziwiri, positive ndi negative, monga a madzi ndi ethanol, amavutikira kutsatira kutembenukako. Kutentha kumabadwira momwemo, m'kati mwa zosakanizazo. Hexane, mankhwala amadzimadzi ochokera ku mafuta, alibe mbali zoterezi, ndiye amangokhala zii.

Nanga liwirolo? Si matsenga. Ethanol amawira pa madigiri 78, koma mukamutsekera m'botolo lolimba amafika 150 osathawa. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro limakhala pafupifupi kawiri. Werengani nokha: kuchoka pa 80 kufika pa 150 ndi kuwirikiza kawiri maulendo asanu ndi awiri, kutanthauza ka 128, ndiye maola 8 asanduka mphindi 4. Ena ankati mafundewo ali ndi mphamvu ina yobisika, koma gulu la Oliver Kappe ku Graz, m'dziko la Austria, lidaonetsa kuti nthawi zambiri kunali kuyeza kutentha molakwika.

Tsono ya tiyi ija, chonde isiyeni. Mukudziwa mmene imachitira ndi nsima ya dzulo: m'mbali yootcha chala, pakati yozizira. Siyeza kutentha, siyeza mphamvu ya nthunzi, ndipo nthunzi ya ethanol sichedwa kuyaka. Ngakhale a Gedye botolo lidawaphulikirapo. Makina a mu labotale, monga a makampani a CEM ndi Anton Paar, amayeza zonsezi nkudzizimitsa okha. Komanso ahedi akadzamva tiyi akununkha asidi, mudzayankha chiyani?

Esita wanuyo safuna zambiri. Wiritsani madzi m'ketulo, muwathire m'beaker. Mu test tube ikani ethanol ndi ethanoic acid pang'ono, madontho awiri a sulphuric acid wamphamvu, muiviike m'madzimo kwa mphindi 10, kutali ndi moto. Kenako khuthulirani mu sodium carbonate wosungunula. Thovu likatha, ana akupize fungolo ndi dzanja, asalowetsemo mphuno.